Mfuti Ziwiri za Mayi Verna

Chipale chofewa cha mu Epulo chimagwa chonyowa. Cha mu Januwale chimagwa chouma ngati ufa, nkhosa ikangodzikutumula chonse chimayoyoka. Koma cha mu Epulo chimakakamira pa ubweya, chimasungunuka, kenako mphepo ya kumpoto imabwera kudzamaliza ntchito. Mwana wa nkhosa wobadwira panja m'nyengo yotere amakhala ndi ola limodzi lokha. Munthu ayenera kumupeza, kumupukuta ndi chisaka, kumulowetsa m'khola pamodzi ndi make, n'kuona ndi maso kuti wayamwa. Mwezi umenewu sufuna nzeru zambiri. Umafuna miyendo, manja awiri ndi maso.

Mayi Verna Skogen miyendo anali nayo. Manja anali nalo limodzi ndi theka. Za maso ndiye zimene zinkawadya mumtima chaka chimenecho.

Anali ndi zaka 69, ndipo zaka zonsezo anakhala m'chigwa chomwecho cha kum'mawa kwa Montana, kumene udzu ndi waufupi ndipo mtengo ukamera anthu amaupatsa dzina. Bambo awo, a Kubal, anali mbusa wa nkhosa za eni. Nyengo yozizira ikatha ankakwera nazo kumapiri n'kumagona m'ngolo mpaka masamba atafiira. Verna ali mtsikana ankapita nawo, ndipo kumeneko anaphunzira kuwerenga nkhosa chikwi poyang'ana zakuda zokha, poti pa zana lililonse pankakhala yakuda imodzi, kudziwa mvula ya matalala ikadali kutali, ndi kuwombera. Bambo awo ankaika kachitini pa mwala n'kuwapatsa chipolopolo chimodzi pa tsiku. Akaphonya, mpaka mawa.

A Kubal anakalamba mfuti ili m'manja. Maso atayamba kuchita khungu sanauze munthu. Tsiku lina madzulo, ali ndi zaka 74, anaona chinthu chotuwa chikuzungulira nkhosa, anawombera, ndipo sanaphonye. Anali Jiggs, galu wawo wa zaka khumi ndi ziwiri. A Verna, amene pamenepo anali kale pabanja, ndiwo anakumba dzenje. Mkuluyo anakhala zaka zina zinayi, koma sanapitenso kubusa, ndipo mawu ake anachepa mpaka kutsala "eya" ndi "ayi".

Amuna awo a Verna, a Arvid, anali munthu wosakonda kuyenda ulendo umodzi kawiri. Tauni inali pa mtunda wa mamailosi makumi anayi, msewu wake wafumbi m'chilimwe, wamatope chipale chikasungunuka. Chaka chimene anakwatirana, a Arvid anagula mfuti ziwiri tsiku limodzi: yaitali, ndi yaifupi ya gudumu la zibowo zisanu ndi chimodzi. Zonse zinkadya zipolopolo za mtundu umodzi, tating'ono tija ta 22 Magnamu, toonda ngati pensulo. Alimi ambiri a kumeneko ankachita chimodzimodzi. Bokosi limodzi m'galimoto, lina pa windo la kukhitchini, zina zotayana m'thumba la jekete, ndipo chilichonse chimene dzanja latola chilowa mu mfuti iliyonse imene uli nayo.

Mfuti ziwirizo zinagawana ntchito zokha popanda wozigawira. Yaitali inali ya nkhandwe, zija zazikulu ngati galu zimene zimalira m'zitunda usiku n'kumatsika nkhosa zikayamba kuswa. Yaifupi inkakhala m'chiuno, ya njoka, ya kanyimbi wolowa m'khola la nkhuku, ndi ya nkhosa imene yavulala mosachiritsika, zonsezo pa mapazi atatu kapena asanu. Pa banjapo wodziwa kulasa anali a Verna. A Arvid sankabisa. Alendo akabwera ankati, "Ine ndimagula zipolopolo, mayiwa ndi amene amazituma."

A Arvid anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, mu Okutobala, udzu wonse atautola kale. A Verna anachepetsa nkhosa kuchoka pa mazana atatu kufika pa makumi asanu ndi awiri, napitiriza.

Ndiye mu Disembala, miyezi inayi yapitayo, nkhosa yamphongo inawagunda kumbuyo n'kuwapanikiza pa chitseko cha khola. Phewa lamanzere linathyoka pawiri. Madokotala analumikiza, koma mkono sunabwererenso mwakale. Unkatha kunyamula ndowa yolendewera, koma kuukweza kupitirira pachifuwa unkanjenjemera n'kugwa. Mfuti yaitali imafuna mkono wamanzere kuti uichirikize kutsogolo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Noreen, mphunzitsi mumzinda wa Billings, anakhala nawo m'chipatala masiku anayi. Tsiku lomaliza anakhala pa bedi n'kuyamba.

"Amayi, chipinda chija ndinachipaka kale utoto. Windo lake layang'ana kum'mawa ngati lanu."

"Layang'ana khoma la aneba ako."

"Khoma silinathyolepo munthu phewa."

"Nkhosa ija ndaigulitsa kale, mwanawe. Ili m'mphika wa wina."

"Sindikunena za nkhosa imodzi. Mukufuna maso adzakuthereni mfuti ili m'manja ngati agogo?"

Mwanayo anali atagwira pa bala lenileni.

"Chabwino," anatero a Verna. "Ndikadzaphonya katatu m'nyengo imodzi yoswa, udziwe kuti maso atha. Ndidzagulitsa zonse, ndibwere ndizidzayang'ana khoma lakolo."

"Ndani adzakhala akuwerenga?"

"Ineyo. Unandimvapo ndikunama?"

Noreen anapukusa mutu. Anali asanamvepo.

Motero pofika Malichi, a Verna anasiya mfuti yaitali kuseri kwa chitseko, nayamba kuyenda ndi yaifupi yokha. Sanaone chovuta. Chipolopolo n'chomwecho, bokosi n'lomwelo, ndipo pa bokosipo panalembedwa liwiro lake, 1,910, mafiti pa sekondi imodzi. Nambala imeneyo anakhala akuiona pa windo la kukhitchini zaka makumi anayi akutsuka mbale. Ndiponso akaiwomba yaifupi ija inkalira mogonthetsa m'khutu n'kulavula moto, pamene yaitali inkangoti phwa. Mumtima mwawo, ngati panali yaukali pa ziwirizo, inali yaifupi.

Nkhandwe yoyamba inabwera kumapeto kwa Malichi. Inaima pa chitunda, mapazi ngati zana. A Verna anaimitsa galimoto, anatsamiritsa dzanja pa windo, analunjika pachifuwa monga anachitira moyo wawo wonse, nakhethemula. Dothi linathovoka pansi pa nyamayo. Inadumpha n'kuzimiririka.

"Kamodzi," ananena mokweza, m'galimoto mopanda munthu.

Kachiwiri kanali patapita sabata. Chipale chinafumbuka kutsogolo kwa zala za nkhandwe.

Kachitatu kanali koipa kuposa kuphonya. Nkhandwe inakuwa, inadzigudubuza, inadzuka n'kuthawa ndi miyendo itatu, wakutsogolo ukulendewera. A Verna anatsatira madontho a magazi mpaka ku chigwembe cha miyala, kumene anathera. Anaima pamenepo mphepo ikuwomba, akudziwa zinthu ziwiri. Choyamba, katatu kakwana. Chachiwiri, nkhandwe yopunduka singathamangitse nyama za m'tchire. Imadya chimene sichithawa. M'masiku asanu ndi limodzi otsatira, ana a nkhosa anayi anasowa, ndipo paliponse pamene panatsala kachikopa panali mapazi atatu ndi mzere wa mwendo wokhwekhwereza.

Lachiwiri m'mawa kunabwera a Leland, mkulu wawo wa malemu Arvid, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje. Anagwira ntchito yoyendetsa chigalimoto chosalaza misewu zaka makumi atatu, ndipo chipumireni ntchito anadwala nthenda yoyeza zinthu. Ankayeza mvula, kuya kwa chitsime, kulemera kwa mazira, ngakhale kutalika kwa ulaliki wa abusa. Anagogoda nsapato pakhonde, nalowa, nadzithirira okha khofi.

"Alamu," anatero a Verna, "ngolo yanu ya ziweto ija matayala ali bwino?"

"Mukufuna tithawitsane? Mwachedwa ndi zaka makumi anayi."

"Ndithawe ndi inu tikafike liti? Mumayendetsa ngati mukusalazabe msewu. Ndikufuna Loweruka mudzanyamule nkhosa. Zonse. Zipite kumsika."

A Leland anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Pakati pa nyengo yoswa? Ana ali pabere?"

"Ogula zoyamwitsa alipo. Ndinalonjeza Noreen. Katatu kakwana."

Anawafotokozera zonse, mosawonjeza, mosachotsa. Mkuluyo ankamvetsera akupukuta magalasi ake ndi mpango wa patebulo.

"Koyamba chinagwera pati?"

"Pansi."

"Kachiwiri?"

"Pansi. Kutsogolo kwa zala."

"Kachitatu mwendo. Mwendo uli pansi pa chifuwa, kapena nkhandwe za kwanu kuno zinasintha?"

"Musandiseke, alamu, lero si tsiku lake."

"Sindikuseka. Kumanja sichinapite? Kumanzere?"

"Ayi."

"Ine maso anga anatha kale, mukudziwa. Ndikawombera chitini, china chimapita kumwamba, china kwa aneba, china sindidziwa n'komwe. Munthu wakhungu saphonyera malo amodzi katatu. Munawombera ndi iti?"

A Verna analoza yaifupi, imene inali pa mpando m'chikopa chake.

"Kameneka? Mapazi zana?" A Leland anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi inu, mwalasa mwendo wa nkhandwe pa mapazi zana ndi kamfuti kophera njoka, ndiye mukuti maso atha? Bwerekeni maso akuthawo ndikawerengere nyuzi."

"Chipolopolo n'chomwecho. Werengani pa bokosipo."

"Bokosi ndaliwerenga. Ndidikireni, musagulitse kanthu, ngakhale nkhuku."

Anabwerera dzuwa lili pamutu, kumwamba kutayera. Anatsitsa m'galimoto kamakina kamene anaitanitsa pa positi zaka zapitazo: kabokosi kotalika ngati mkono, koima pa miyendo itatu, kokhala ndi timaso tiwiri pamwamba, kena kutsogolo, kena kumbuyo. Chipolopolo chikadutsa pamwamba pa timasoto, kamakinako kamalemba liwiro lake. Anakaimika kuseri kwa khola, kuyang'ana ku chulu cha dothi, naika thumba la chakudya cha nkhosa pa bolodi la kumbuyo kwa galimoto kuti mfuti itsamirepo.

"Mukakalasa kamakina kangaka, mukwatiwa ndi ine kuti mulipe."

"Ndiye ndisamala kwambiri."

Anatsegula bokosi latsopano. A Verna anatenga zipolopolo zisanu ndi chimodzi, zitatu ku yaitali, zitatu ku yaifupi. Anayamba ndi yaitali, itagona pa thumba, mkono wamanzere uli pa bondo osagwira ntchito. A Leland ankawerenga mokweza.

"1,880. Chinanso. 1,902. Chinanso. 1,871. Mwaona? Bokosi silinaname kwenikweni. Tsopano kaukali kanuko."

Yaifupi inabangula, nkhosa m'khola zinadzidzimuka.

"1,310."

"Kamakina kanu kafa."

"Ombani china."

Chachiwiri chinapereka 1,284. Chachitatu 1,335. A Verna anapita kukaona okha manambalawo, akuwerama, chala chili pa galasi.

"Ndiye liwiro linalo lapita kuti?"

"Lapita m'makutu mwanu. Wonga wa m'zipolopolo zimenezi suyaka kamodzin'kamodzi, umayaka chotsatira. Anaupangira mpope wautali. Mu yaitali umachikankha chipolopolo njira yonse mpaka potulukira. Mu kanuka mpope ndi wotalika ngati chala, chipolopolo chimatuluka wonga usanathe, wotsalawo umakayakira pabwalo. Moto uja mumauona uja, ndi phokoso lija, ndi mphamvu yotayika. Wina umathawiranso pa mpata wa pakati pa gudumu ndi mpope."

"Ine ndinkayesa ndiyo yamphamvu, poti imalira kwambiri."

"Ngati tcheyamani wolongolola wa komiti ya kutchalitchi uja."

A Verna anafuna kuseka, koma anadziletsa.

"Nanga kugwera pansi?"

"Chilichonse chili m'malere chikugwa, alamu. Chofulumira chimafika chisanagwe kwambiri. Chochedwa chimakhalitsa panjira, ndiye chimafika chitatsika. Pa mapazi asanu simungaone kusiyana. Njoka zanu zonse zija sizikanakuuzani."

Anakhoma mapepala awiri pa thabwa, anayeza mapazi zana ndi tepi, chifukwa a Leland sakhulupirira miyendo. Pakati pa pepala lililonse anajambula kadontho kakuda. Zitatu za yaifupi zinabalalika, koma zonse m'munsi, china chikhatho chimodzi, china zikhatho ziwiri pansi pa dontho. Zitatu za yaitali zinaunjikana m'mphepete mwa dontholo, moti a Leland anazivundikira zonse ndi kapu yawo ya khofi.

"Arvid ankadziwa zimenezi?" anafunsa a Verna.

"Ayi. Inenso sindinkadziwa mpaka nditagula kachidoleka. Tonse tinkawerenga bokosi. Amene analemba nambala ija anayeza ndi mfuti yaitali, osatiuza, kapena anatiuza m'timalemba tating'ono timene palibe amawerenga."

A Leland atapita, a Verna anakhala pakhonde ndi mapepala awiriwo pa miyendo. Chipale chinali kudontha kuchokera padenga. Anayembekezera kuti mtima upepuka, koma sunapepuke msanga. Kwa milungu itatu anakhala akutsanzikana ndi chigwacho mwakachetechete: chitunda ichi, kasupe uyo, mtengo wa Arvid. Anali atayamba kale kuzolowera. Ndipo panali chinanso. Ku chipatala kuja sananene kuti katatu ka mfuti yaitali. Anangoti katatu.

Madzulo ake anaimba foni.

"Noreen, ndaphonya katatu."

"Pepani, amayi."

"Dikira, sindinathe." Anafotokoza za kamakina, za manambala, za mapepala. "Sindikuzemba. Mawu ndinanena ndi pakamwa panga. Ukati ndigulitse, ngolo ibwera Loweruka."

"Ndiye mwandisenzetsa ine?"

"Lonjezo ndinapereka kwa iwe. Womasula ndiwe."

Noreen nayenso anakulira m'chigwa chomwecho, ndipo sanali wopusitsika.

"Pepala siliyenda, amayi. Limaima pa dzuwa la masana n'kumakudikirani. Agogo akanatha kulasa pepala."

"Ndikudziwa."

"Nkhandwe yopundukayo ikadalipo?"

"Yadya anayi."

"Ndiye imeneyo. Loweruka lisanafike, ndi dzanja lanu. Abambo aakulu asawombere m'malo mwanu."

"Abambo ako aakuluwo akawombera, ine ndimabisala kuseri kwa galimoto. Chabwino. Chipolopolo chimodzi. Chikapita padera, usadzachite kundikumbutsa."

"Chimodzi mwanena ndinu, ine sindinatero."

"Ndatero ine."

Lachitatu anadula timitengo tiwiri ta msondodzi kumtsinje, totalika kufika m'chiuno, natimanga mopingasa ndi chingwe cha mitolo ya udzu. Atakhala pansi, msana utatsamira mtolo, mphanda ya timitengoto inkanyamula mpope wa mfuti m'malo mwa mkono wamanzere. Anakoka mitolo itatu ndi galimoto kukaiika pa ngodya ya busa, pamene mphepo inkachokera ku chigwembe kubwera kwa iwo. Nsichi za mpanda wa waya anazikumbira okha ndi a Arvid, mapazi asanu asanu, choncho mtunda sunafune tepi. Anakhala pamenepo kuyambira chakumasana, akudzuka kawiri kukaona zoswa. Sikunabwere kanthu koma akhwangwala.

Lachinayi kunawomba mphepo yofunda yochokera kumapiri, ija imadya chipale tsiku limodzi. Busa lonse linasanduka mawangamawanga, apa poyera, apa pakuda, nthunzi ikukwera. Dzuwa litapendeka, nkhosa za kumalire zinadzutsa mitu. A Verna anaona chinthu chotuwa chikuyenda chokwawa m'zitsamba, kuseri kwa nsichi ya makumi awiri. Anaika tsaya pa mfuti. Chinali chotuwa, chachikulu ngati galu. Banja la kumtunda linali ndi galu wotuwa wokonda kuyendayenda. Anadikira kuti chituluke poyera, aone mwendo. Sichinatuluke. Chala chinali pa chokhethemulira, koma anachichotsa.

Kamphindi kochepa anamva nkhosa ikulira molapitsa. Atafika anapeza magazi ndi mapazi atatu. Wachisanu.

A Leland anabwera Lachisanu m'mawa, namva nkhaniyo ali chiimire.

"Ikanakhala ija, bwenzi pano titamaliza," anatero.

"Inali ija."

"Ndiye mukudandaula?"

"Mwana wa nkhosa ndikumudandaula. Chala changa ayi."

"Mundilole ndikhale nanu lero. Maso anayi."

"Awiri ndi theka. Pitani kwanu, alamu, fungo la fodya wanulo limafika ku Canada."

Tsikulo linacha lozizira, lopanda mtambo. Madzi a dzulo anaundana m'mapondedwe a nkhosa. A Verna anathandiza nkhosa ina kuswa mapasa, anadya buledi ndi nyama yozizira ali chiimire, nakakhala pa mitolo paja nthawi ya 3 koloko. Mbalame zoyamba za nyengo yofunda zinali zitafika. Imodzi ya chifuwa chachikasu inkaimba pa nsichi, kuleka, kuyambanso. Phewa linkawawa. Miyendo inachita dzanzi. Anaganiza za chipinda cha ku Billings, ndipo anadabwa kuona kuti sakuchida. Noreen anachipaka utoto ndi manja ake. Kungoti m'chipindamo munthu sangadziwe kuti mphepo yatembenuka.

Mbalame ija inasiya kuimba n'kuuluka.

Nkhandwe inatuluka m'chigwembe poyera, dzuwa likuiwomba m'mbali. Inkadumphira, kuima, kudumphira. Mwendo wakutsogolo wakumanja unali wopindika, wosagunda pansi. A Verna anauona bwinobwino, ndi makutu osongoka, ndi mchira wolendewera wa nsonga yakuda. Anawerenga nsichi. Makumi awiri ndi ziwiri: kutali. Anadikira. Nyamayo inayang'ana kamwana ka nkhosa kamene kanagona patali ndi make, niyamba kutsika motsata mpanda. Makumi awiri. Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa nsichi ya khumi ndi zisanu ndi zitatu inaima, ninunkhiza mphepo, chifuwa chili pambali.

Anatulutsa theka la mpweya, nakhethemula.

Mfuti inangoti phwa. Nkhandwe inagwa pamene inaimapo, mchira unagwedera kawiri, basi. Nkhosa zinathawa pang'ono, zinaima, zinayambanso kudya.

Anatenga nthawi kuti adzuke. Atafika anagwada n'kuitembenuza ndi dzanja lamanja. Inali yaimuna, yokalamba, mano akutsogolo operepeseka. Nthiti zinkawerengeka ngakhale inadya ana asanu. Mwendo uja unali wotupa kawiri, fupa lili panja, ukununkha. Masiku khumi inayenda nawo. A Verna anauyang'ana nthawi yaitali, osathawitsa maso, chifukwa ntchito imeneyo inali yawo, ya tsiku lija pa windo la galimoto. Kenako anaikokera ku chigwembe n'kuikwirira ndi miyala.

Noreen anayankha foni isanalire kawiri.

"Chimodzi," anatero a Verna. "Nsichi khumi ndi zisanu ndi zitatu."

Mwanayo anamina.

"Mpaka Okutobala, amayi. Tikatero tikambirananso. Ndipo mwezi wa mawa ndikubwera kudzakutengani, tikayezetse maso kwa dokotala weniweni, osati kwa abambo aakulu."

"Ubwere ndi nsapato za matope. Udzathandiza kumeta."

Loweruka a Leland anafika ndi galimoto yokha, kumbuyo kulibe ngolo.

"Matayala aphwa," anatero asanafunsidwe. "Onse anayi. Zodabwitsa."

"Bodza silikukhalani, alamu. Bwerani mundigwirire ana."

Anatsekera ana a nkhosa m'kakhola kopapatiza. A Verna anatenga chitini cha utoto wofiira ndi kamtengo. Aamuna pamodzi ndi ofooka ankawadutsitsa, amenewo ndi a kumsika nyengo yokolola. Ankafuna aakazi oti adzakhale makolo chaka chamawa: a msana wowongoka, a miyendo yolimba, obadwa kwa make wa mkaka wambiri. A Leland ankanyamula mmodzimmodzi, akudandaula za msana wawo, ndipo a Verna ankayang'ana m'kamwa, kupapasa nthiti, n'kudontheza chofiira pakati pa mapewa. Anasankha khumi ndi awiri. Womaliza atadumpha kuthamangira make, anapukuta kamtengo pa udzu, anatseka chitini, nakoloweka unyolo pa chitseko.